Sitima zitatu za Damen zija, ndalama inapita pabwino kapena ayi?

Achimwene a ku Bluff: Abale ndimafuna tikambiraneko za sitima zatsopano za asilikali apamadzi a kuno ku Joni, zopangidwa ndi kampani ya Damen, zija malo ake ndi pa Salisbury Island kuno ku Durban. Zonse zitatu zinafika tsopano, King Sekhukhune I inabwera 2022, King Shaka Zulu 2023, Adam Kok III 2025, ndipo ndalama yake inaposa ma rand 3 biliyoni. Ifenso msonkho timadula kuno olo tili obwera, nde nkhaniyi ikutikhudza. Ine mtima sukundikhala chifukwa mfuti yake yaikulu ndi ya 20mm basi, pomwe zakale zomwe izi zalowa m'malo mwake zinali ndi mfuti ya 76mm komanso liwiro lake linali loposa. Mesa apa tagula zochepa mphamvu?

Wowotcherera wa ku Cape Town: Achimwene musayambire pa mfuti, yambirani pa ntchito yomwe sitimayo ikukagwira. Zakale mukunenazo zinali pulani ya ku Israel ya m'ma 1970, zitatu zinapangidwa ku Haifa zisanu ndi imodzi ku Durban komweko, ndipo anazipangira kuthamanga, kuponya mizinga nkuthawa, pa nyanja ya Mediterranean yomwe mafunde ake ndi ena. Atazibweretsa kuno anthu okhala mkatimo amavutika nazo koopsa nyanja ikakwiya. Kenako anachotsa mizinga ija nkuzisandutsa zolondera, Isaac Dyobha, Galeshewe ndi Makhanda, zinakoka mpaka zitakalamba zenizeni. Zatsopanozi ndi mamita 62, pulani ya Damen yotchedwa Stan Patrol 6211, ndipo taonani mphuno yake mmene inaimira chilili ngati nkhwangwa, amati Sea Axe, anaikonza pamodzi ndi a yunivesite ya Delft ku Netherlands. Mphuno imeneyo imang'amba funde nkudutsa mkati mwake m'malo mokwera pamwamba nkudzagwa phii, nde sitima sichepetsa liwiro kwambiri ndipo anthu satopa msanga.

Achemwali a ku Area 25: Zimenezo za kugwa phii ndazimva bwino, amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera pakati pa Nkhotakota ndi Likoma akudziwa kuti munthu sungagwire ntchito iliyonse mimba ikutembenuka. Koma ine funso langa ndi lina, kodi zimenezi zingafike ku Mozambique kukalondera? Chifukwa ife kuno mafuta ndi fetereza zimadzera Beira ndi Nacala, njira imeneyo ikasokonekera tonse tilira.

Wowotcherera wa ku Cape Town: Zingafike achemwali, zimayenda pafupifupi ma nautical mile 2000, kapena kuti makilomita 3700, osamwetsa mafuta, liwiro cha m'ma knot 20, kunena kwake makilomita 37 pa ola. Kumbuyo kuli malo oika makontena, nde lero mutha kuikamo zida zofufuzira mabomba am'madzi, mawa za osambira pansi pamadzi, komanso zimanyamula maboti ang'onoang'ono othamanga okakwerera sitima yomwe akuikayikira.

Achimwene a ku Bluff: Kufika nkufika koma helikopita ilibe potera. Kumbukani Operation Copper, ntchito ya asilikali a kuno yolimbana ndi achifwamba apanyanja, itayamba 2011, achifwamba a ku Somalia atalanda sitima ya asodzi ya Vega 5 m'madzi a Mozambique kumapeto kwa 2010, anatumiza ma frigate, sitima zikuluzikulu zankhondo, ku Pemba ku Mozambique komweko chifukwa amanyamula helikopita, ndiyo imaona patali. Komanso pulani yoyamba ya Project Biro, yomwe ndi ntchito yogula sitima zimenezi, inali sitima zisanu ndi imodzi, zitatu za m'mbali mwa gombe ndi zitatu zikuluzikulu za mkati mwa nyanja, nde zikuluzikuluzo anazisiya chifukwa cha ndalama. Dziko la gombe la makilomita pafupifupi 2800, kuphatikiza madzi ozungulira Marion Island kutali kummwera uko, ulondera ndi sitima zitatu zazing'ono?

Madala a ku Simon's Town: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mundilole ndiikepo mawu. Nonse mukukamba za sitima koma palibe watchula doko, pomwe nkhani yagona pamenepo. Ine ndimagwira ntchito ya m'munda pa nyumba ina kumtunda kwa phiri kuno, ndikaweramuka doko lonse la asilikali apamadzi ndimaliona pansipa, ndipo chomwe chimandiwawa ndi kuona sitima zikuluzikulu zotuwa zija zitangomangidwa pamalo amodzi miyezi nkumapita, mbalame zikuterapo. Malo ano sanasankhidwe mwangozi. A Dutch anayamba kukocheza kuno m'ma 1740 chifukwa nthawi yozizira mphepo ya kumpoto chakumadzulo imaswa zombo ku Table Bay ku Cape Town, pomwe kuno phiri limatchinga. Angerezi anakhazikitsa likulu lawo lapamadzi kuno cha m'ma 1814, ndipo atawona kuti sitima zachitsulo zikufuna pozikonzera anamanga East Dockyard, ntchito ya zaka khumi, nkutsegula Selborne dry dock mu 1910. Ndi dzenje lalikulu la miyala, sitima imalowa, amatseka chipata, amapopa madzi onse, sitima nkukhala pa mitsamiro anthu nkumayenda pansi pake kupala ndi kupenta. M'makoma mwake muli zizindikiro zopenta za sitima zomwe zinakonzedwamo, zambiri za nthawi ya nkhondo yachiwiri. Pangano la Simon's Town linasainidwa pakati pa Britain ndi South Africa 1955, doko nkuperekedwa kwa South Africa 1957. Mfundo yanga ndi yoti azungu aja anadziwa kuti sitima yankhondo moyo wake uli pa doko ndi amisiri. Lero dokoli lili m'manja mwa Armscor, bungwe la boma logulira asilikali zida, ndipo dandaulo la akuluakulu a navy, asilikali apamadzi aja, chaka ndi chaka ndi lomwelo, ndalama yokonzetsera ndi yochepa, maola okhala panyanja akutsika.

Achemwali a ku Area 25: Nde madala mukuti asakanagula?

Madala a ku Simon's Town: Ayi mwana wanga, ndikuti agula zoyenera thumba lawo. Mu 1999 anasaina kugula ma frigate anayi, Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi, ndi sitima zitatu zoyenda pansi pa madzi, zonse za ku Germany, zamphamvu kwabasi, koma kuti imodzi ilowe mu refit yaikulu, kutanthauza kuikonzanso yonse, pamafunika ndalama zoti boma limachita kuzengereza zaka. Amatola inakonzedwa cha m'ma 2014 ndi 2015, zinazo zinadikira nthawi yaitali. Kutuma frigate yonse ndi anthu oposa 100 kukathamangitsa akuba nkhono za m'nyanja zotchedwa perlemoen ku Gansbaai ndi kuwononga. Zing'onozing'onozi zimafuna anthu 40, mafuta ochepa, ndipo zinapangidwa ku Cape Town konkuno nde amisiri ozidziwa ali pafupi.

Wowotcherera wa ku Cape Town: Apo madala mwakhudza mtima wanga. Ntchito yathuyi ya welding ya sitima siyophunzira mwezi umodzi, msoko uliwonse wa pansi pa madzi amauyeza ndi makina ndipo ukapezeka ndi kabowo olo kakang'ono umagaya nkuyambiranso. Kontrakiti itaperekedwa 2018 anyamata ndi atsikana ambiri anaphunzira ntchito pa sitima zimenezi, ndalama ina inatsala mdziko momwemuno kwa opanga radar ndi mfuti ngati Reutech. Koma nkhawa yanga ndi yoti yachitatu yatha, ngati sipabwera oda ina anthu amenewa abalalika, ena apita kunja, nde tsiku lodzafuna zikuluzikulu zija adzayambanso pa ziro.

Achimwene a ku Bluff: Za amisiri ndavomera, koma za doko zomwezo zikundipatsa mphamvu ine. Salisbury Island inamangidwa ngati malo a navy nthawi ya nkhondo yachiwiri, mu 2002 anaitsitsa kukhala station chabe pofuna kupulumutsa ndalama, sitima nkusamukira ku Simon's Town, kenako atawona kuti Mozambique Channel ili kutali anaganiza zoikwezanso. Komanso a Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko, akhala akufuna malo omwewo kuti akuze doko la makontena, nkhani yoti navy isamukire ku Richards Bay yakambidwa kale. Nde mwagula sitima zatsopano pomwe nyumba yake simunakhazikike nayo mtima, ine pamenepo mpamene ndikuti anayamba ndi kumapeto.

Madala a ku Simon's Town: Pamenepo sindikutsutsani achimwene, nkhani ya malo ikufunika ithe msanga. Koma akanadikira kuti zonse zilongosoke, Makhanda ikanapuma popanda cholowa m'malo ndipo gombe lonse la kummawa likanakhala lopanda mlonda.

Achemwali a ku Area 25: Ine ndaima ndi madala, kugula anagula bwino, bola tizione zikutuluka. Achimwene a ku Bluff inu muli pafupi, muzitiuza zikamachoka padoko, makamaka mukamva kuti ina yalowera kumpoto cha ku Pemba, chifukwa ine katundu wanga wa pa shopu amadzera Nacala.

Achimwene a ku Bluff: Ndizikuuzani achemwali, pochoka kuntchito ndimadutsa poti khomo la doko limaoneka bwinobwino. Koma za helikopita sindinasinthe maganizo, zikuluzikulu zitatu zija zikufunikabe.