Maquete ya mgodi wakale: ndikajambule chiyani, ndikayeze bwanji?

Wofunsa, Ulóngwe
Moni nonse pagulu pano. Ndikukonza maquete (chifanizo chaching'ono) ya mgodi wa malasha wosiyidwa, pa thabwa la 60 cm ndi 90 cm, sikelo ya 1:87 (chilichonse chochepetsedwa ka 87). Pakhala nyumba ziwiri za antchito, shedi ya malata ndi kachidutswa ka njanji. Zithunzi zomwe ndikuonera ndi za Kolmanskop ku Namibia, kuja mchenga udadzaza m'zipinda. Koma ndikufuna woona anene yekha kuti kuno ndi ku Tete. Ndikajambule chiyani, ndikayeze bwanji, nanga dothi ndimate ndi chiyani kuti lisayoyoke? Thandizeni akuluakulu.

Yankho lochokera ku Moatize
Achimwene, zithunzi za ku Namibia zikusocheretsani. Ku Kolmanskop dayamondi adapezeka mu 1908, anthu n'kudzachokako m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero zitseko ndi mafelemu zilipo chifukwa n'kuchipululu: mvula n'njosowa, thabwa siliola, chowononga ndi mphepo ndi mchenga basi. Bwinja la kuno limafa mwanjira ina. Mvula ya Disembala mpaka Malichi imalowa m'ming'alu, chiswe chimamaliza mitengo ya denga, ndipo malata, zitseko ndi mawindo anthu amazula kukamangira kwawo. Chotsala ndi makoma opanda denga.

Ndiye mukafika pa nyumba zakale za kampani kapena pa siteshoni yosiyidwa ya njanji ya Sena, yang'anitsitsani izi. Pulasitala amayamba kugwa m'munsi, pafupifupi theka la mita kuchokera pansi, pomwe chinyontho chimakwera. Pansi pa windo pamatsika mizere yakuda ya madzi. Pomwe adazula felemu, njerwa za m'mbali zimakhala zobenthuka, bowo silikhala la makona oongoka. Pamwamba pa khoma pamatsala timabowo momwe munkalowa mitanda ya denga, ndipo kachere amamera mu mng'alu, mizu n'kutsetsereka ndi khoma. Timizere tofiira ta chiswe musatiiwale. Mukaika zimenezi, wa kuno adzazindikira kwawo.

Yankho lochokera ku Tete
Pa kuyeza: dulani ndodo ya mita imodzi, muipente zakuda ndi zoyera mosinthanitsa pa 10 cm iliyonse, muziitsamiritsa pakhoma pa chithunzi chilichonse. Imani patali, molunjika pakati pa khoma, foni muiike pa 2x. Mukayandikira ndi kamera yotambalala ija, makoma amaoneka opendama ndipo miyeso imanama. Jambulani mbali zonse zinayi, kenako zapafupi. Pomwe tepi sifika, yezani mizere 10 ya njerwa, muwerenge mizere yonse mpaka pamwamba, mupeza kutalika.

Muyeso uliwonse mugawe ndi 87. Chitseko cha mamita 2 chikhala 23 mm, khoma la mamita 3 likhala 34 mm. Mlambe wa mamita 15 ndi 17 cm, ndiye umodzi wokha ukukwanirani pathabwa lanulo. Pitani m'mamawa, mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, komanso dzuwa la masana limafufuta mitundu pa chithunzi.

Yankho lochokera ku Zóbuè
Ine changa ndi moyo wanu, m'bale wanga. Mu una wa mgodi musalowe, ngakhale mapazi awiri. M'migodi ya malasha mumaunjikana mpweya wa methane womwe umaphulika, ndipo pena mpweya wopuma umachepa osanunkha kanthu, munthu amangogwa. Maenje ena ali pansi pa udzu, ovundikiridwa ndi matabwa ofumbwa, choncho yendani m'njira yopondedwa kale. Malo ambiri a ku Moatize ali m'manja mwa makampani: pemphani chilolezo, muonanenso ndi amfumu kapena mlembi wa bairro, akupatseni munthu wodziwa malowo. Zidutswa za denga la lusalite (malata a simenti aja) musaswe, fumbi lake lili ndi asbestos, ulusi woononga mapapo. M'nyumba zopanda anthu mumakhala njuchi ndi njoka. Zonse zofunika pa maquete zimaoneka muli panja.

Wofunsa
Zikomo kwambiri, ndamva. Nanga njanji ndigule ya HO yomweyo, ija ya sitima zachidole za sikelo ya 1:87? Malata ndipange ndi chiyani?

Yankho lochokera ku Moatize
Ayi. Njanji ya HO ndi 16.5 mm, yoimira njanji zotakata za ku Ulaya. Yathu ya Sena ndi 1067 mm, pa 1:87 ikubwera 12 mm ndi pang'ono, ndiye funani ya 12 mm, yolembedwa HOm kapena TT. Poti sitima siyendapo, ingakhale yakale. Chotsanipo mapilo ena ogonekapo njanji, pakati pamere udzu.

Malata wamba mizere yake imatalikirana 76 mm, pa sikelo yanu sipakwana milimita. Tengani pepala la aluminiyamu lochindikala, muligoneke pa bawuti ya mazinga aang'ono, mudinde ndi chala. Dulani lata lililonse palokha, pafupifupi 8 mm m'lifupi, muwasanjike mopitana. Dzimbiri liyambire pa misomali ndi m'mphepete, lofiira modera, osati lowala ngati lalanje.

Yankho lochokera ku Tsangano
Mchenga wa ku Zambezi musathire momwe uliri. Kamchenga ka 1 mm pa 1:87 ndi mwala wa pafupifupi 9 cm, bwalo lonse lioneka la miyala. Tengani dothi la pachulu, mulisinje, muliotche pa chiwaya kuti tizilombo tife, mulisefe pa sokosi yopyapyala ya amayi. Pentani thabwa mtundu wa dothi, pakani guluu woyera wa matabwa, wazani dothilo. Kenako nyowetsani ndi madzi okhala ndi dontho la sopo wotsukira mbale, mudonthezepo guluu wosungunula, gawo limodzi la guluu ku magawo atatu a madzi. Popanda sopo guluu amangoundana pamwamba n'kusiya zipsera. Dothi limada likamatidwa, ndiye yambani mwayesa pa kachidutswa ka katoni, mudikire tsiku lathunthu.

Milu ya malasha umbani ndi esferovite (zoyera zopepuka zija zotetezera katundu m'makatoni), pamwamba muwaze makala osinja osakaniza ndi phulusa pang'ono, chifukwa mulu wakale umatuwa. Esferovite imasungunuka ndi penti wopopera komanso guluu wa nsapato, choncho muyambe mwaikuta ndi guluu woyera kawiri. Makoma a katoni muzipenta mbali zonse ziwiri, apo ayi apindika akamauma.