Mutu wachitatu ukukangana ndi wachisanu, ndithandizeni

Mlongo wa ku Zomba: Akuluakulu, ndagwira njakata. Kafukufuku wanga wa masitazi ndi wosanthula mawu a m'zikalata za boma pa chiyankhulo chophunzitsira: chigamulo cha 1968 choti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, kalata ya unduna ya 1996 yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chakwawo, ndi lamulo la maphunziro la 2013 lomwe linaika Chingerezi. Ondiyang'anira abweza mutu wachitatu uli psuu ndi inki. Akuti kumeneko ndalemba kuti choona ndi chomwe anthu amangopangana, koma m'mutu wachisanu ndikuti zikalatazi zimabisa choona. Funso lawo ndi limodzi: choona chake chiti?

Achimwene a ku Mzuzu: Akunena zoona, chemwali. Simungati munthu wabisa mbuzi pomwe mwanena kale kuti mbuzi kulibe. Foucault, katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, ankawazemba mawu akuti ideology (maganizo ophimba choona) pachifukwa chomwechi, poti mawuwo amafuna kuti pakhale choona choyerekezera. Mukutsata ndani posanthula?

Mlongo wa ku Zomba: Fairclough, katswiri wa ziyankhulo wa ku Britain, ndi magawo ake atatu aja osanthulira mawu: mawu enieniwo, momwe analembedwera ndi kulandiridwa, kenako moyo wa anthu owazungulira.

Achimwene a ku Mzuzu: Ndiye mutu wachitatu ndi umene wasochera. Fairclough mwiniwake anatsamira pa critical realism, chiphunzitso cha katswiri wa nzeru zakuya Roy Bhaskar. Mfundo yake ndi yakuti zinthu zilipo ndithu kaya tazitchula kaya ayi, koma kuzidziwa kwathu kumadzera m'mawu ndipo kukhoza kuphonya. Mwana wa ku Rumphi wolowa Sitandade 1 akudziwa Chitumbuka chokha samva aphunzitsi oyankhula Chingerezi, chikalata chinene chisanene. Apo ndiye poponda panu.

Mayi mphunzitsi wopuma: Ine za Bhaskar ndinazisiyira achinyamata, koma mwanangu, yang'anitsitsa aneni. Zikalata zimakonda kunena kuti chakuti "chinasankhidwa", "zinagwirizanidwa". Anasankha ndani? Mu 1968 unali msonkhano waukulu wa MCP, ndipo Chitumbuka chinachoka pa wailesi ndi m'sukulu. Mneni wobisa wochita ndi umboni woloza ndi chala. Komatu usamangoti paliponse pali mneni wotere pali chiwembu, alembi ena ndi chizolowezi chabe.

Bambo wa ku koleji ya aphunzitsi: Chenjezo la amayili ndi lomwe Widdowson, katswiri winanso wa ziyankhulo, ankadzudzula nalo Fairclough, kuti wosanthula amapeza m'mawu zomwe anabwera nazo kale m'mutu. Oyesa adzakufunsani zimenezo. Nenani poyera kuti ndinu Mchewa wophunzira m'Chingerezi, ndipo kacheze ndi aphunzitsi angapo a ku Mangochi kapena ku Karonga mumve momwe iwo amawerengera lamulolo.

Mlongo wa ku Zomba: Zikomo nonse. Mutu wachisanu ndiusiya momwe uliri, wachitatu ndiulembanso sabata ino. Za kucheza ndi aphunzitsi zifuna chilolezo china cha komiti yoona zakafukufuku, ndiyamba ndafunsa ondiyang'anira ngati nthawi ilipo.