Mng'ono wanga akuti wafunsiridwa ukwati wa pakoleji ku Oxford

Mkulu wake:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munaphunzirako ku Britain. Mng'ono wanga ali m'chaka choyamba pa yunivesite ya Oxford, ndipo watiuza pafoni kuti mnyamata wina wa pakoleji pawo wamufunsira ukwati, iye n'kulola. Mwiniwake akuti ndi mwambo chabe ndipo palibe chibwenzi, koma amayi atangomva za ukwati ayamba kufunsa kwawo kwa mnyamatayo ndi amene adzakhale ankhoswe. Kodi mwambo umenewu ndi wotani, nanga zibwenzi zenizeni zimayenda bwanji pa sukulu zoterezi?

Wakale wa pa Oxford:
Achemwali, auzeni amayi kuti mtima ukhale m'malo. Oxford ili ndi makoleji oposa 30, ndipo m'makoleji ambiri, monganso ku Cambridge, ophunzira a chaka choyamba amasankhana awiriawiri n'cholinga choti chaka chotsatira adzapatsidwe "ana", omwe ndi ophunzira atsopano. Ntchito ya "makolo" amenewa ndi kulembera anawo uthenga asanafike, kuwalandira, kudya nawo chakudya chamadzulo m'sabata yoyamba, ndi kuwalangiza za maphunziro, chifukwa kawirikawiri mmodzi wa makolowo amakhala akuphunzira zofanana ndi mwanayo. Kufunsirako kumachitika mwanthabwala, mwina munthu kugwada m'chipinda chodyera atanyamula mphete ya switi, anzake akuwomba m'manja. Ena amakwatirana atatu, ena atsikana okhaokha, ndipo lamulo la dziko siliwerengera zimenezi ngati ukwati. Ophunzira amachenjezananso kuti usasankhe bwenzi lako lenileni, poti chibwenzi chikatha mudzavutika kulera anawo limodzi.

Mayi wa ku Leeds:
Zimene afotokozazi n'zoona, koma ine ndikuona kuti funso lanu lachiwiri ndilo lofunika kulilingalira. Chimene chimalamulira zibwenzi pa Oxford ndi nthawi. Chaka chili ndi zigawo zitatu, Michaelmas, Hilary ndi Trinity, ndipo chilichonse chimatenga masabata 8 okha. M'masabata amenewo wophunzira wa maphunziro monga mbiri yakale kapena malamulo amalemba nkhani yaitali imodzi kapena ziwiri pa sabata, kenako n'kukaiteteza pamaso pa mphunzitsi ali awiri kapena atatu basi, kotero kuti wosakonzekera alibe pobisala. Chigawo chikatha, ambiri amalongedza katundu n'kutuluka m'zipinda zawo, aliyense kulowera kwawo, wina ku London, wina ku Singapore.

Pachifukwa chimenechi ambiri amaopa kulonjeza. Anthu awiri amatha kuyendera limodzi miyezi ingapo, atadziwana mwina pa mapulogalamu a pafoni opezera zibwenzi monga Hinge kapena Tinder, popanda ndi mmodzi yemwe kutchula kuti ali pachibwenzi, ndipo wofunsa kuti "kodi tikulowera kuti" amaoneka ngati wapupuluma. Mtsikana wokulira kwathu, kumene mnyamata amafunsira momveka ndipo mtsikana amalola kapena kukana, akhoza kuyesa kuti nkhani yapsa pamene mnzakeyo akuona ngati akungocheza. Apa ndi pamene ana athu amasweka mtima, ndipo alibe azakhali pafupi owafunsa kuti mnyamatayo wanena chiyani kwenikweni. Komanso koleji imodzi imakhala ndi ophunzira mazana ochepa okha, odyera malo amodzi, choncho chibwenzi chikatha mumakumanabe pa chakudya tsiku ndi tsiku, anthu onse akudziwa.

Mphunzitsi wopuma:
Mayi a ku Leeds, mwanena zomveka, ngakhale ndikuona kuti mwadetsa chithunzicho mopitirira. Ophunzira omwewo amafunitsitsa banja lokhazikika, kungoti amalikankhira kutsogolo. Ku yunivesite ya Stanford, m'dziko la America, ophunzira anayambitsa Marriage Pact mu 2017, pomwe munthu amayankha mafunso ambirimbiri ndipo kompyuta imamusankhira mnzake woti adzakwatirane naye akadzafika msinkhu wakutiwakuti asanapeze wina. Ku yunivesite ya Harvard kuli Datamatch, yomwe inayamba mu 1994 ndipo imalumikiza ophunzira pa nyengo ya Valentine. Anthu osafuna chikondi sangataye nthawi ndi zoterezi.

Chimene ndingakupempheni achemwali kuti mukambirane ndi mng'ono wanuyo ndi nkhani ya aphunzitsi. Popeza amaphunzira m'timagulu ting'onoting'ono, kuyandikana ndi mphunzitsi n'kosavuta, ndipo kuyambira mu 2023 Oxford inaletsa ogwira ntchito kukhala pachibwenzi ndi ophunzira amene akuwayang'anira. Adziwe kuti lamulolo lilipo ndipo lili kumbali yake.

Mkulu wake:
Zikomo nonse. Amayi ndiwafotokozera za ana a chaka chamawawo, koma za kuyenda ndi munthu osatchula chibwenzi ndikambirana ndi mwiniwake patokha akabwera ku tchuthi.