Pemphero ndi kulemba m'mawa, kuzizira kuli apo

Wa ku Bembeke: Akuluakulu, munthu angakonze bwanji nthawi yopemphera ndi kulemba m'mawa kuti asalekeze panjira? Kuno Juni akafika, bulangeti limakoma zedi.

Mayi a ku Lizulu: Achimwene, musayambe ndi ola lathunthu, mudzagwa ulesi sabata isanathe. Mphindi 15 zakwana: zisanu kuwerenga, zisanu kupemphera, zisanu kulemba. Buku la Miyambo la m'Baibulo lili ndi mitu 31, ndiye muzingotsata deti la tsikulo. Kope ndi cholembera zigone pampando, foni patali. Mukangotsegula WhatsApp, nthawi yapita.

Agogo a ku Linthipe: Fundani bulangeti lomwelo, koma mutakhala pampando. Pabedi tulo tingakubeni. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, mpweya wa makala umapha. Polemba, mizere itatu basi: chimene mukuthokoza, chimene chikukudetsani nkhawa, ndi ntchito imodzi ya lero. Nkhawa ikakhala papepala imaleka kuzungulira m'mutu, mtima umakhala pansi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Mukaphonya tsiku musabwezere ndi mitu iwiri, pitirizani ndi deti la lero. Koma mukakhala osasangalala, osagona, osafuna kudya kwa masabata awiri, pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala.