Kodi munthu amachira bwanji mpingo ukamupweteka mtima?

Abale ndi alongo, ndikupempha uphungu wanu. Ndinatumikira zaka zambiri m'bungwe la amayi pampingo wina ku Matero, koma amuna anga atamwalira, zimene ndinauza akulu ampingo mwachinsinsi zinalalikidwa paguwa, ndipo amayi amene ndinkaphika nawo nsima pamaliro anayamba kundilambalala pamsika. Mulungu sindinamutaye, komabe ndikangomva nyimbo zakwaya mtima umandigunda ndipo ndimalephera kupemphera.

Kodi muno mu Lusaka, kaya ku Chainama kapena kwina, alipo alangizi a zamaganizo amene amalemekezanso chikhulupiriro cha munthu? Nanga inu amene munadutsa m'zoterezi, chinakuthandizani n'chiyani, ndipo kodi kukhululuka kumafuna kuti ndibwerere kumpingo womwewo, ngakhale akuluwo sanapepese?