Kodi olemba nthano pa Facebook azilembabe mwaulere?

Mlembi wa ku Zomba:
Abale, ndimalemba nthano za m'Chichewa pa Facebook, gawo limodzi tsiku lililonse, ndipo ndikachedwa kuika gawo lotsatira owerenga amandifunsa kuti ndasowera kuti. Bandulo ndimagula ndekha, ndipo ndimalemba usiku pa foni ana atagona. Nditalengeza kuti magawo otsiriza aziwerengedwa m'gulu la WhatsApp lolipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ena anandinena kuti ndayamba dyera. Kodi ndikulakwitsa?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Simukulakwitsa mayi. Telala akasoka malaya palibe amene amamuuza kuti akhutire ndi kuyamikiridwa, nanga wolemba asiyane bwanji? Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza zolemba zanu ngakhale sizinasindikizidwe m'buku, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti eni ntchito apezeko kangachepe. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti munthu mmodzi amalipira, kenako n'kukopera nthano yonse n'kuimwaza m'magulu ena atafufuta dzina la mwini wake. Ameneyo ndi wakuba, ngakhale iye amadziona ngati akuthandiza anzake.

Wowerenga wa ku Mangochi:
Ndikuvomereza kuti thukuta lanu liyenera kulipidwa, koma kumbukirani kuti ambiri mwa ife ndi ana a sukulu ndi achinyamata osowa ntchito, amene kugula bandulo kokha n'kovuta kale. Mukatseka nthano pakati, ife timangotsala m'malere. Bwanji osapempha amalonda kuti azitsatsa katundu wawo pa tsamba lanu, popeza anthu mwawasonkhanitsa kale?

Mtolankhani wa ku Lilongwe:
Maganizo a amalondawo ndi abwino, koma amalonda amathamangira masamba a nthabwala ndi miseche, osati a nthano zazitali. Ine dandaulo langa lili pa eni masamba a nkhani amene amalandira ndalama za otsatsa malonda, koma wolemba akafunsa zake amamuyankha kuti "tikukutchukitsani". Kutchuka sikulipira lendi. Mayi, musanayambe nthano yatsopano muziuza owerenga poyera kuti magawo angati ndi aulere ndiponso kuti otsalawo ndi ndalama zingati, chifukwa chimene chimakwiyitsa anthu n'kuwadzidzimutsa nthano itafika pokoma. Ndikanakondanso kuti bungwe la olemba la MAWU likhazikitse mtengo woyambira umene tonse tingamautchule pokambirana ndi eni masambawa.