Ana akakula m'sewero la pa kanema, nthabwala zimapita kuti?

NaPhiri wa ku Matawale:

Ndakhala ndikuonera Modern Family pamodzi ndi adzukulu anga, sewero la ku America lomwe linayamba mu 2009 n'kutha mu 2020. M'zigawo zoyambirira timaseka kwambiri chifukwa Luke ndi kamwana kochita zinthu mosaganiza, pomwe Manny amayankhula ngati mkulu wa mpingo chikhalirecho asanathe n'komwe msinkhu. Koma anyamatawa atamera ndevu, zomwezo zinasiya kuseketsa, moti nthawi zina ndimawamvera chisoni. Kodi olemba amatani kuti sewero la banja lipitirire kuseketsa pamene osewera akukula ife tikuona?

Mphunzitsi wa ku Chinamwali:

Mayi, njira imene olemba ambiri amathamangira ndiyo kubweretsa mwana wina wamng'ono. Mu The Cosby Show, Rudy atayamba kusinkhuka, analowetsamo Olivia mu 1989. Mu The Fresh Prince of Bel-Air munabadwa Nicky, amene anamudumphitsa zaka mwadzidzidzi kuti ayambe kuyankhula, ndipo m'sewero lanulo munabadwa Joe mu 2013. Ine ndimaona kuti ichi ndi chigamba chabe, pakuti ana oyamba aja amangosiyidwa opanda chochita. Ena mwa amene anazemba vutoli ndi a The Simpsons, poti ndi zojambula, ndipo Bart adakali ndi zaka 10 chiyambire 1989.

Wophunzira za zisudzo ku Chirunga:

Agogo, funso lanu ndi lakuya, ndipo ndikupempha kuti ndiwonjezere pa zimene aphunzitsi anena. Nthabwala yomangidwa pa msinkhu imatha pamodzi ndi msinkhuwo, koma yomangidwa pa ubale imangosintha mwini wake. Mwana wa zaka 8 akanena zopanda nzeru timaseka mwanayo, koma akafika zaka 20 woyenera kusekedwa ndi kholo limene likukana kuvomereza kuti mwana wakula. Apa ndi pamene Modern Family inachita bwino ndi Haley, amene anali mtsikana wosamvera ndipo mu 2019 anabereka mapasa, n'kuyamba kudandaula zomwezo zimene ankawadandaulitsa nazo amayi ake, a Claire. Luke sanapatsidwe mwayi wotere, n'chifukwa chake mukumumvera chisoni.

Kwathu kuno nkhani zotere ndi zambiri, ndipo zimandipweteka kuti olemba athu sazigwiritsa ntchito mokwanira. Taganizani za mtsikana amene ankatumidwa kukagula tomato kumsika wa Mpondabwino, lero ndiye akulipira lendi ya makolo ake, koma bambo akufunabe kuti aziwauza kumene akupita. Taganizaninso za malume amene ankaopedwa, tsopano akupempha mphwawo kuti awatumizire ndalama pa foni, kapena mayi waukali amene wasanduka mpongozi ndipo ayenera kuchita manyazi m'nyumba mwake momwe. Palibe mwana watsopano amene akufunika pamenepa.

Bambo a ku Sadzi:

Mwayankha bwino mwanawe, koma mwaiwala kuti si ana okha amene amakula. Osewera akuluakulu nawo amakalamba, amadwala, ndipo ena amatisiya sewero lili mkati. John Ritter anamwalira mu 2003 akusewera ngati bambo mu 8 Simple Rules, ndipo olemba sanaike munthu wina m'malo mwake. Analemba kuti bambo wa m'banjamo wamwalira, analola kuti banja lilire, kenaka nthabwala zinabwerera pang'onopang'ono. Ndimalemekeza chisankho chimenecho, ngakhale kuti sewerolo linatha mu 2005, chifukwa anthu oonera si ana oti n'kuwabisira maliro.

Ife tinaziona ndi Izeki ndi Jakobo. A John Nyanga atamwalira mu 2016, panalibe wina wotha kuvala chipewa cha Izeki, chifukwa chimene tinkaseka chinali kudziwana kwa anthu awiri amene anakulira pamodzi pa nsanja, ndipo a Eric Mabedi nawo anatisiya mu 2021.

NaPhiri wa ku Matawale:

Zikomo nonse. Ndikufunsabe inu a ku Chirunga: nanga Jay wa mu Modern Family, bambo ake a Claire uja, amene poyamba anali wouma mtima koma pomaliza amagwetsa misozi msanga, kodi olemba anamukulitsa, kapena anangomuchotsa mano kuti tizimukonda?